Kraal: liwu la Chingerezi lomwe lidachokera m'khola la Apwitikizi

Pa mapepala a ulangizi wa ziweto olembedwa m'Chingerezi, makamaka ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa, pamapezeka liwu lakuti kraal. Limapezekanso m'zikalata zakale za boma la Rhodesia, dziko lomwe agogo ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde adakagwirako ntchito m'mapulazi ndi m'migodi. Kusukulu liwuli saphunzitsa kawirikawiri, ndipo munthu wa ku London akhoza kutha chaka chathunthu osalitchula. Chovuta chake n'chakuti pa pepala lina limatanthauza khola la ng'ombe, pa lina limatanthauza mudzi wa anthu. Womasulira akasokoneza ziwirizi, amalemba kuti agogo ake adabadwira m'khola. Nkhaniyi ikufotokoza komwe liwuli lidachokera, momwe tanthauzo lake lidasinthira, ndi momwe mungadziwire tanthauzo loyenera mukalipeza.

Kalembedwe ndi katchulidwe

Liwuli limalembedwa ndi a awiri, chifukwa lidalowa m'Chingerezi kudzera m'Chidatchi, chinenero chomwe chimalemba a kawiri pofuna kusonyeza kuti atchulidwe mokoka. Choncho limamveka ngati kral, a wake wautali. Akakhala ambiri, Chingerezi chimati kraals, pomwe Chibunu, chomwe eni ake amachitcha Afrikaans, chimati krale. M'Chingerezi liwuli limagwiranso ntchito ngati mneni: to kraal ndiye kutsekera ziweto m'khola.

M'Chidatchi ndi m'Chibunu muli kraal wina wotanthauza mkanda. Ameneyo adachokera ku koraal, miyala ya m'nyanja yomwe ankapangira mikanda, ndipo alibe chibale ndi khola ngakhale kalembedwe n'kofanana.

Gwero lake ndi curral

Aliyense wodziwa Chipwitikizi akhoza kulizindikira liwuli akalitchula pang'onopang'ono. Kholo lake ndi curral, khola la ziweto, liwu lomwe alangizi athu a pecuária amatchula tsiku ndi tsiku. M'Chisipanishi liwu lomwelo ndi corral. Akatswiri a zinenero amalumikiza mawu awiriwa ndi mawu achilatini currere, kuthamanga, ndi currus, ngolo. Mneni wa Chipwitikizi correr ndi wa banja lomwelo.

Potchula curral, mphamvu ya liwu imagwera kumapeto, pa ral, ndipo u woyambirira amamveka pang'ono chabe. M'kamwa mwa Adatchi u ameneyo adatayika, n'kutsala kraal. Zotere zimachitika liwu likasamukira m'chinenero china. Ifenso carta tidamusandutsa kalata, sapato tidati nsapato, capitão tidati kapitawo, batata tidati mbatata.

Kwa Apwitikizi curral lidali liwu wamba kuyambira kale, mpaka lidalowa m'mayina a malo. Pa chilumba cha Madeira pali mudzi wotchedwa Curral das Freiras. Mzinda waukulu wa Belo Horizonte ku Brasil udamangidwa pomwe padali kamudzi kotchedwa Curral del Rei.

Momwe lidafikira kumwera kwa Africa

Bartolomeu Dias adazungulira nsonga ya kumwera kwa Africa mu 1488, ndipo Vasco da Gama adadutsa pomwepo mu 1497 asadafike ku Ilha de Moçambique chaka chotsatira. Kumeneko amalinyero adapeza Akhoikhoi, anthu oweta ng'ombe ndi nkhosa zambiri, ndipo ankagula nyama kwa iwo. Ubalewu sudali wa mtendere nthawi zonse. Mu 1510 Francisco de Almeida, yemwe adali bwanamkubwa woyamba wa Apwitikizi ku Índia, adaphedwa ku Table Bay pamodzi ndi anthu ake oposa 50, atapita kukalanda ng'ombe pa mudzi wa Akhoikhoi.

Apwitikizi sadakhazikike ku Cape. Omwe adakhazikika ndi Adatchi a kampani ya malonda yotchedwa VOC, motsogozedwa ndi Jan van Riebeeck, mu 1652. Koma nthawi imeneyo Chipwitikizi chosavuta, cha pamsika ndi cha m'zombo, chinkamveka m'madoko ambiri a nyanja ya Índico. Amalinyero a Chidatchi ankachidziwa, ndipo akapolo ambiri omwe adabwera nawo ku Cape ankachilankhula. Gulu loyamba lalikulu la akapolo lidafika mu 1658, ndipo lidali la anthu a ku Angola omwe Adatchi adalanda m'chombo cha Apwitikizi. Pambuyo pake kudabwera ena ochokera ku Índia, Indonésia, Madagáscar ndi Moçambique.

M'chisakanizo chimenechi mawu angapo a Chipwitikizi adalowa m'chilankhulo cha ku Cape. Milho, chimanga, lidasanduka mielie, lomwe lero timaliona pa matumba a ufa olembedwa mealie meal. Tronco lidasanduka tronk, ndende. Curral lidasanduka kraal.

Khola lisanduka mudzi

Kusintha kwakukulu kwa tanthauzo kudachitikira ku Cape komweko, ndipo chifukwa chake chidali kamangidwe ka midzi ya Akhoikhoi. Iwo ankamanga nyumba zawo za mphasa mozungulira, n'kusiya bwalo pakati. Usiku ziweto zinkagona m'bwalomo, nyumba zikugwira ntchito ya mpanda woteteza ku zilombo ndi akuba. Mlendo wofuna kugula nyama, poyang'ana malowo, ankaona ng'ombe poyamba, anthu pambuyo. Malo onsewo adawatcha kraal, kuphatikizapo nyumba ndi eni ake.

Liwuli lidalowa m'Chingerezi ndi tanthauzo limeneli la mudzi. Mjeremani wina dzina lake Peter Kolb adakhala ku Cape kuyambira 1705 mpaka 1713, ndipo mu 1719 adatulutsa buku lalikulu lofotokoza dzikolo ndi anthu ake. Bukulo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1731, ndipo madikishonale amatchula chaka chimenechi ngati chomwe kraal adayamba kuoneka m'Chingerezi. Angerezi atalanda Cape mu 1795, n'kulandanso kachiwiri mu 1806, adalipeza liwuli lili pakamwa pa aliyense ndipo adangolitola.

Kuyambira pamenepo matanthauzo awiri adayendera limodzi. Mzungu akamanena za pulazi yake, kraal lidali khola la ziweto, ndipo nyumba yake inkatchedwa nyumba. Akamanena za Mwafirika, kraal lidali khomo lonse. Mayina ambiri a malo ku South Africa adachokera ku makola a mapulazi. Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, ndi limodzi mwa mayinawa, ndipo omwe adapitako ku Joni adamva ena otere.

Eni dziko adali ndi mawu awo, ndipo sankasokoneza zinthu ziwirizi. M'Chizulu khola ndi isibaya, khomo la banja ndi umuzi, liwu lomwe ndi m'bale wa mudzi wathu. M'Chishona khola ndi danga, mudzi ndi musha. M'Chichewa khola ndi khola, mudzi ndi mudzi. Ndi chinenero cha alendo chokha chomwe chidaika anthu ndi ng'ombe pansi pa dzina limodzi.

N'zoona kuti pakati pa Azulu ndi abale awo khola limakhala pakatikati pa khomo ndipo ndi malo aulemu. M'menemo amuna amakambiramo milandu, amaperekeramo nsembe kwa makolo, ndipo mwini khomo ankaikidwa m'menemo kapena pafupi pake. Angoni adabwera ndi mwambo wolemekeza khola kuchokera kumwera. Gulu la Zwangendaba lidawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, ndipo Angoni a Maseko pambuyo pake adakhazikika ku Domwe, m'boma lomwe lero limatchedwa Angónia potengera dzina lawo. Koma kulemekeza khola sikudachititse anthuwa kutcha mudzi wawo khola.

Malikulu a mafumu

Azungu atalowa mkati mwa dziko m'zaka za m'ma 1800, adagwiritsa ntchito liwu lomwelo ngakhale pa malikulu a mafumu, momwe munkakhala anthu zikwizikwi. Likulu la Dingane, uMgungundlovu, komwe Piet Retief ndi anzake adaphedwa mu Febuluwale 1838, m'mabuku a Chingerezi limatchedwa royal kraal, kutanthauza kraal wa mfumu. Chimodzimodzi Ulundi wa Cetshwayo, yemwe asilikali a Britain adamutentha pa 4 Julayi 1879, ndi Bulawayo wa Lobengula, yemwe adagwa mu 1893. Malipoti a nkhondo za nthawiyo amawerenga makraal omwe adatenthedwa. Wowerenga wa lero ayenera kudziwa kuti zomwe zinkapsazo zidali nyumba za anthu ndi nkhokwe zawo.

Kuno ku Moçambique kudachitika chinthu chodabwitsa. Pa nkhondo ya Gaza mu 1895, olemba a Chipwitikizi ankatcha likulu la Ngungunhane ku Manjacaze o kraal, m'kalembedwe ka Chidatchi, potengera anzawo a ku Natal ndi Transvaal. Likululo lidatenthedwa mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mfumuyo idagwidwa ku Chaimite pa 28 Disembala ndi Mouzinho de Albuquerque. Motero liwu lomwe lidachoka m'Chipwitikizi lili curral lidabwereranso kwa eni ake patapita zaka zoposa 200, litavala kalembedwe kachilendo ndi tanthauzo latsopano.

M'malamulo ndi m'mabuku a msonkho

Liwu la apaulendo lidadzakhala liwu la boma. Ku Natal, lamulo la 1891 lokhudza Aafirika lidafotokoza chomwe kraal ali, n'kukhazikitsa udindo wa kraal head, mwini khomo, yemwe ankayankha pa zochita za onse okhala pakhomopo. Pansi pa lamuloli akazi ankatengedwa ngati ana moyo wawo wonse, olamulidwa ndi bambo kapena mwamuna wawo.

Ku Southern Rhodesia tanthauzo lidakula pang'ono. Kumeneko kraal udali mudzi wa mabanja angapo wolembedwa m'kaundula wa boma, ndipo kraal head adali nyakwawa. Msonkho wa nyumba udayamba m'dzikolo mu 1894, ndipo nyakwawayo ndi yomwe inkasunga buku la okhoma msonkho. N'chifukwa chake Ashona adaitcha sabhuku, mwini buku, dzina lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero. Kuno kwathu, mapepala a atsamunda a Chipwitikizi ankalemba povoação ndi chefe de povoação pa zinthu zofananazo.

Apa ndi pomwe mabanja a m'malire ayenera kusamala. Mukapeza chikalata chakale cha ku Rhodesia chili ndi mzere wolembedwa kraal, dzina lomwe lili pamzerepo ndi la mudzi kapena la nyakwawa yake. Kwa munthu wofufuza komwe agogo ake adachokera kapena komwe adakhala, mzere umenewo ndi wofunika kwambiri, ndipo pomasulira m'Chipwitikizi liwu loyenera ndi povoação, osati curral.

Patapita nthawi, malamulo adayamba kulisiya liwuli. Lamulo la mafumu la ku Zimbabwe la 1998 limati village head, mtsogoleri wa mudzi. Ku South Africa malamulo a pambuyo adayamba kunena za mutu wa banja. Olemba mbiri ambiri masiku ano amasankha homestead, khomo la banja, chifukwa anthu ambiri amaona kuti kutcha khomo la munthu ndi dzina la khola ndi chipongwe chotsalira kuchokera ku utsamunda.

Njovu, akamba ndi nsomba

Liwuli silidathere ku Africa. M'madera ena komwe zombo za Apwitikizi ndi Adatchi zidafika, lidapeza ntchito ina, koma mfundo yake idakhala imodzi: mpanda wotsekera chamoyo.

Pa chilumba cha Ceylon, chomwe lero ndi Sri Lanka, padalamulira Apwitikizi, kenako Adatchi kuyambira 1658, kenako Angerezi kuyambira 1796. Kumeneko kraal udali mpanda wa mitengo ikuluikulu wogwirira njovu zam'tchire. Anthu mazanamazana ankazungulira nkhalango ndi ng'oma, phokoso ndi moto, n'kumakusa njovu masiku ambiri mpaka zitalowa pa khomo lopanikiza. Zikalowa ankatseka, ndipo njovu zoweta zinkathandiza kumanga zinzake ndi zingwe. Kugwira komaliza kwa mtunduwu kudachitikira ku Panamure mu 1950. Njovu yaimuna yomwe idakana kugonja idawomberedwa, anthu adadandaula kwambiri, ndipo mchitidwewu udathera pomwepo. Ku Ayutthaya, m'dziko la Thailand, mpanda wakale wa mafumu wogwirira njovu ulipobe, ndipo m'Chingerezi umatchedwa ndi liwu lomweli.

Ku zilumba za Caribbean liwuli lidasintha kalembedwe n'kukhala crawl. Ku Jamaica linkatanthauza khola la nkhumba, komanso mpanda womangidwa m'madzi osaya wosungiramo akamba a m'nyanja ndi nsomba zamoyo mpaka tsiku logulitsa. Crawl ameneyu ndi wosiyana ndi crawl wodziwika uja wotanthauza kukwawa. Ku Key West, ku United States, malo omwe ankasungirako akamba amatchedwabe Turtle Kraals.

Pafupi ndi kwathu, ku Kosi Bay, kumwera pang'ono kwa Ponta do Ouro, asodzi amamanga mipanda ya timitengo m'madzi. Nsomba zikamayenda ndi madzi zimatsata mpandawo mpaka kulowa m'kachipinda komwe sizingatulukemo, monga zimachitira mu mono. Mipandayi imasiyidwa kwa ana ngati chuma cha banja, ndipo m'Chingerezi imatchedwa fish kraals.

M'bale wake corral

Chingerezi chidalandira liwu lomweli kawiri, kudzera m'makomo awiri. Kraal adadzera kwa Adatchi, corral adadzera kwa Asipanishi a ku America. Corral ndiye adatchuka kwambiri chifukwa cha mafilimu a abusa a ng'ombe okwera pa akavalo. Amatanthauza khola la ng'ombe kapena akavalo, ndiponso ngolo zoimikidwa mozungulira usiku pofuna kudziteteza. Kuwomberana kotchuka kwa pa 26 Okutobala 1881 m'tauni ya Tombstone, ku Arizona, kumadziwika ndi dzina la khola lotchedwa O.K. Corral.

Kusiyana kwa abale awiriwa kumaphunzitsa kanthu. Corral sadagwiritsidwepo ntchito m'Chingerezi ngati dzina la mudzi wa anthu. Adangokhala khola, ndipo ngati mneni amatanthauza kusonkhanitsa anthu kapena zinthu pamalo amodzi. Kraal yekha, yemwe adakulira m'maiko a atsamunda ku Africa, ndi amene adasenzetsedwa tanthauzo la mudzi. Curral wa Chipwitikizi naye adapeza tanthauzo lophiphiritsa ku Brasil, komwe curral eleitoral ndi dera lomwe wandale mmodzi amalamulira mavoti a anthu ngati ziweto zake.

Boma lidayenda njira yofanana

Kuti timvetse bwino momwe liwu la mpanda limakulira, tiyang'ane liwu lathu lomwe lakuti boma. M'Chiswahili boma ndi mpanda wotetezera ziweto kapena anthu. Atsamunda atamanga malinga awo ku East Africa ndi ku Nyasaland, malo okhala ndi mpandawo adatchedwa boma. Kenako dzinalo lidapita ku ofesi yomwe idali mkati mwa mpanda, kenako ku tauni yomwe idamera pozungulira ofesiyo, mpaka lero tikamati boma la Moçambique kapena boma la Tsangano palibe amene amaganiza za mpanda. Nkhani yomwe ena amakamba yakuti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi si yoona, chifukwa liwuli lidalipo m'Chiswahili ulamuliro wa Britain usadafike. M'Chingerezi cha ku Kenya ndi Tanzania, khola la ng'ombe limatchedwabe boma, pomwe kumwera kwa Zambezi limatchedwa kraal. Ku Malawi alangizi ambiri, ngakhale akulemba m'Chingerezi, amangolemba khola.

Momwe mungawerengere liwuli lero

Tanthauzo lomwe latsala ndi mphamvu masiku ano ndi loyambirira lija, la khola. Pa pepala la ulimi kapena la mankhwala a ziweto, kraal ndi khola basi. Kraal manure ndi manyowa a m'khola, ndowe zosakanikirana ndi mapesi ndi udzu zomwe zaolera pamodzi. Night kraaling ndi kutsekera ziweto usiku. Mobile kraal ndi khola losunthasuntha, lomwe amalimanga m'munda mbewu zitakololedwa, n'kumalisamutsa pakapita masiku angapo kuti ndowe ndi mkodzo zigwere m'nthaka momwemo popanda kututa ndi ngolo.

M'buku la mbiri, m'lipoti la atsamunda kapena m'chikalata cha boma la Rhodesia, kraal ndi khomo la banja kapena mudzi, ndipo kraal head ndi mwini khomo kapena nyakwawa. Liwuli likakhala pamodzi ndi dzina la mfumu yaikulu, ndiye kuti akunena likulu lake. Likakhala pamodzi ndi njovu, nsomba kapena akamba, ndi mpanda wogwirira kapena wosungira nyamazo.

Njira yachidule ndi kufunsa mafunso awiri: pepalali lidalembedwa liti, ndipo likunena za ziweto kapena za anthu? Mukamalankhula Chingerezi ndi anzathu a ku Zimbabwe kapena South Africa, gwiritsani ntchito kraal pa khola la ziweto zokha. Pa mudzi wa munthu nenani village, pa khomo lake nenani home kapena homestead. Pomasulira m'Chichewa vuto palibe, chifukwa mawu onse awiri tili nawo: ng'ombe zimagona m'khola, anthu amakhala m'mudzi.